Kachipinda kojambuliramo mawu: siponji ndamata paliponse koma ndikumveka ngati ndili m'mgolo

Dzungu92
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni mwina mutu wanga ndi umene sukuyenda. Ndinamanga kachipinda kojambuliramo mawu pa kona ya chipinda changa chogona, makoma awiri ndi a nyumba omwe aja a njerwa, awiri enawo ndinakhoma ndekha ndi matabwa ndi pulayiwudi, chitseko chakenso cha pulayiwudi. Kukula kwake ndi mita 1.2 uku, mita 1.2 uku, kuchoka pansi kufika ku siling'i mamita 2.4. Mkati monse ndamata siponji ija ya timapiri tosongoka, ya masentimita 5, pansi ndayala kapeti. Ndikawomba m'manja mulibe eko ngakhale pang'ono, muli zii. Koma ndikajambula nyimbo mawu akumveka ngati ndikuimbira m'mgolo kapena ngati wina wandivindikira katoni kumutu, ndiponso pali manoti ena apansi amangofufuma okha pomwe ine sindinakweze mawu. Ndadula manoti apansiwo ndi EQ, chija chokwezera ndi kutsitsira zigawo za mawu, mpaka mawu atsala opyapyala ngati a pa foni koma umgolowo sukuchoka. Maiki ndi ya mtundu wa condenser, ya cardioid, ija yomva kwambiri kutsogolo kwake. Ndimate siponji ina pamwamba pa inayi kapena vuto ndi maiki?

Chule
mateleyi a mazira aise, mata paliponse nkhani yatha kkkk

Madala a Mikisa
Iwe Chule usamusocheretse mnzako, za mateleyi zakozo tibweranso. A Dzungu, maiki yanu ilibe mlandu, ndipo siponji ina ya mtundu womwewo sikupulumutsani. Yankho lili m'manambala mwatipatsawo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Pakati pa makoma awiri oyang'anizana pamakhala noti imene funde lake limakwana ndendende, likagunda khoma ili n'kubwerera limakumana ndi linzake likubwera, nde amangounjikana osatha msanga. Kuti muidziwe notiyo mumatenga 343 n'kugawa ndi mtunda wa pakati pa makomawo mutauwirikiza kawiri. Mita 1.2 kawiri ndi 2.4, ndipo 343 kugawa ndi 2.4 ndi 143 Hz, kutanthauza kugwedezeka ka 143 pa sekondi. Mbali inayonso ndi 1.2, nde 143 Hz kachikena. Pansi ndi siling'i pali mamita 2.4, yoyamba yake ndi 71 Hz, koma yachiwiri yake ndi 143 Hz yomwe ija. Mbali zonse zitatu zapangana kuimba noti imodzi. Mukanati mupange dala chipinda chovuta simukanaposa apa.

Dzungu92
Eee madala, 143 Hz yo ndi noti yanji pa kiyibodi?

Madala a Mikisa
Ili pakati pa C# ndi D zapansi, C#3 ndi 139 Hz, D3 ndi 147 Hz. Mawu olankhulira a mwamuna wamkulu amakhala cha m'ma 85 mpaka 180 Hz, nde mwaona kuti ili pakati penipeni pa mawu anu.

Dzungu92
Aaa mwandilasa mtima, nyimbo imene yandisowetsa tulo masabata awiriwa ili mu D ndipo pamene pamafufuma ndi pomwe ndimatsikira kumapeto kwa vesi. ine ndimangoti mwina ndikusendera dala ku maiki osadziwa

Chule
safunsa anadya phula kkkk ukanayamba wafunsa usanadule pulayiwudi

Dzungu92
iwe amene umati ndimate mateleyi ukhale chete

Nangozo
Achimwene zimenezi ndinadutsamo ine, ndimajambula mawu owerenga malonda ndi mabuku, si nyimbo ayi koma vuto lake ndi lomwelo. Kanga kanali kakang'ono kuposa kanuko ndipo ndinkakanyadira kwabasi, mpaka kasitomala wina anandibwezera ntchito akuti mukumveka ngati mwadzitsekera mu kabati. Chinandipweteka n'choti amanena zoona. Tsiku lina kunatentha ndinatulutsa maiki ndikuiimika pakati pa chipinda, kumbuyo kwanga ndinatsegula wadirobu yodzaza zovala, mbali ndi mbali ndinakoleka mabulangete okhuthala pa chingwe, mawu anatuluka bwino kuposa miyezi yonse ndinakhala ndikutuluka thukuta mu kabokosi kaja. Musanagule chilichonse tayesani kaye zimenezo, simutayapo kanthu.

Dzungu92
Koma asisi chimene sindikumvetsa n'choti ndikawomba m'manja muli zii, nde ngati siponji ikugwira ntchito pa kuwomba m'manja bwanji isagwire pa mawu anga?

Madala a Mikisa
Kuwomba m'manja n'kumene kwanamiza anthu ambiri. Phokoso la m'manja lambiri ndi la m'mwamba, ndipo za m'mwambazo siponji imamwa bwinobwino. Siponji kapena ubweya uliwonse umagwira ntchito chifukwa mpweya umene ukugwedezeka umakhuzana ndi timibowo take n'kutaya mphamvu, mphamvuyo imasanduka kakutentha kochepa koti simungakamve. Nde chofunika n'choti chinthucho chikhale pamene mpweya ukugwedezeka kwambiri. Pakhoma penipeni mpweya sugwedezeka, ulibe kolowera. Umagwedezeka kwambiri pa mtunda wa gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa fundelo kuchokera pakhoma. Funde la 2000 Hz ndi lotalika masentimita 17, kota yake ndi masentimita 4 ndi pang'ono, siponji yanu yaligwira. Funde la 143 Hz ndi lotalika mamita 2.4, kota yake masentimita 60. Siponji ya masentimita 5 yomata pakhoma, fundelo silikudziwa n'komwe kuti ilipo. Komanso ya timapiriyo masentimita 5 ndi pansonga pokha, m'zigwa mwake ndi yopyapyala kwambiri. Nde chimene mwachita n'choti mwapha kuwala konse kwa mawu n'kusiya matope okhaokha. Chipinda chopanda siponji chimalira pansi ndi m'mwamba momwe, khutu limachizindikira kuti ichi n'chipinda. Chanucho chikulira pansi pokha, n'chifukwa chake mukumva mgolo.

Dzungu92
pa paketi yake analemba nambala ya NRC yooneka yapamwamba ndithu, ndi imene inandikopa

Madala a Mikisa
NRC ndi avereji ya mmene chinthu chimamwera mawu pa 250, 500, 1000 ndi 2000 Hz basi. Pansi pa 250 sayang'anako. Vuto lanu lili pa 143, kunja kwa nambalayo. Mukamagula funsani tebulo lonse, muone pa 125 Hz palembedwa chani.

Nkhwazi Beats
Guys tisavutitsane ndi masamu, masiku ano pali mapulagini ochotsa kulira kwa chipinda, umangopotokola batani limodzi basi. Kapena man gula maiki ya mtundu wa dynamic ngati SM7B, imeneyo siimva chipinda, ma podcast onse ndi imene akugwiritsa ntchito ndipo amajambulira pa tebulo la pabalaza

Nangozo
Mapulagini amenewo ndili nawo, amathandiza pa mchira wa eko m'chipinda chachikulu. Koma mu kabokosi mawu obwererawo amafika pa maiki nthawi yomweyo ndi mawu enieniwo, asakanikirana kale, pulagini isiyanitsa bwanji? Ukaikakamiza mawu amamveka ngati munthu akulankhulira pansi pa madzi.

Madala a Mikisa
Asisi anena zoona. Tiyerekeze khoma lili masentimita 50 kuchokera pa maiki, mawu kupita ndi kubwera ndi mita imodzi, amachedwa ndi mamilisekondi atatu okha. Khutu silimva ngati eko, limamva kuti mawu asintha mtundu. Ndipo za SM7B zo a Nkhwazi, ndi maiki yabwino sindikukana, koma ilibe mankhwala oti izisankha kuti awa ndi mawu a munthu awa ndi a khoma. Chimene chimachitika n'choti dynamic anthu amaiimbira pafupi kwambiri, milomo kutsala pang'ono kukhudza. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mawu anu pa maiki amakwera ndi ma dB pafupifupi 6, dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu, pomwe kulira kwa chipinda sikukwera choncho. Kuchoka pa masentimita 30 kufika pa 15 mwapindula 6, kufika pa 7 mwapindulanso 6 ena. Condenser yanu yomweyo mukhoza kuisendera. Koma chenjerani, maiki ya cardioid ukaisendera imawonjezera besi yokha, nde m'chipinda chofufuma kale pa 143 mukhala mukuthira madzi mumtsinje wosefukira.

Nkhwazi Beats
chabwino madala koma nane ndili ndi mfundo, si aliyense ali ndi malo kapena mphamvu zomangira situdiyo, ena tikungofuna nyimbo ituluke

Madala a Mikisa
Ayi mfundo yanu ilipo ndithu, ndipo pa munthu amene sangakhome kanthu pakhoma dynamic yoimbira pafupi ndi njira yabwino. Ndikungokana zoti isintha kachipinda ka a Dzungu.

Kalipentala J
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Bwana Dzungu ngati mukufuna kukasunga kachipindako, njira yake ndi mapanelo okhuthala a rockwool, ubweya uja wopangidwa ndi mwala, kapena ubweya wa galasi wolimba uja. Ine ndimapanga chonchi: felemu ya matabwa a masentimita 10 m'lifupi, kukula kwake motsatira mmene ma slab akubwerera, ambiri ndi masentimita 60 kwa 120 nde simudulanso. Kulemera kwa rockwool yo kukhale cha m'ma 45 mpaka 60 kg pa kiyubiki mita, ubweya wa galasi wotchuka uja wa Owens Corning 703 ndi 48. Musaganize kuti yolemera kwambiri ndiye yabwino kwambiri, ikalimbitsa mawu amalephera kulowamo amangobwerera, ndipo mukamaunjika mokhuthala kuposa masentimita 20 kapena 30 ndi bwino yopepuka yofewa ija. Kutsogolo mumakuta ndi nsalu, ndipo nsaluyo muiyese poiika pakamwa n'kuuzira, mpweya ukadutsa mosavuta ndi yabwino, ukakana isiyeni. Kumbuyo kwa panelo osakhomako pulayiwudi, kansalu kopyapyala basi koletsa tiubweya kuuluka. Pokhoma musagundike pakhoma, siyani mpata wa masentimita 5 kapena kuposa, mpatawo umathandiza kuti igwire manoti apansi ngati kuti mwaikhuthalitsa. Ndipo chonde valani magolovesi, malaya a mikono yaitali ndi chotseka pamphuno podula, ine ulendo woyamba ndinachita matama ndinakanda thupi usiku wonse.

Dzungu92
Zikomo bwana, koma tawerengerani nane. Masentimita 10 kuphatikiza mpata wa 5 ndi 15, mbali ziwiri ndi 30, nde pa 120 nditsala ndi masentimita 90 uku ndi 90 uku. Muikemo ine, sitandi ya maiki, pop filter, ndi poika mawu a nyimbo. Ndizipuma bwanji kkkk

Chule
uyambe kaye kuchepetsa thupi

Kalipentala J
Sitandi ya miyendo itatu ichotseni, khomani mkono wa maiki ku siling'i kapena pa felemu, koma ikani shock mount, chogwirira maiki chija choletsa kugwedezeka, chifukwa matabwa amatenga kugunda kulikonse. Ndipo siling'i musaiiwale, anthu amakuta makoma anayi n'kusiya pamwamba pa mutu pali mbee. Muli ndi mamita 2.4, pamwambapo mukhoza kupachika masentimita 20 kapena 30 osagunda mutu, ndi malo okhawo amene muli nawo ambiri. M'makona a m'mwamba momwe makoma akumana ndi siling'i dzazanimo, besi imaunjikana mmenemo.

Madala a Mikisa
Zimene akunena a Kalipentala zithandiza kwambiri, makamaka kuyambira 250 Hz kupita m'mwamba, umkatoni uja uchepa zedi. Pa 143 zichepetsa koma sindikulonjezani kuti zitheratu, chipindacho ndi chaching'ono basi, mpweya wake wonse sukwana makiyubiki mita atatu ndi theka. Ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chani munamanga makoma awiri a pulayiwudiwo? Mumathawa chani?

Dzungu92
Phokoso madala. Ana a oyandikana nawo, magalimoto, komanso sindinkafuna kusokoneza a m'nyumba ndikamabwereza mzere umodzi ka 40

Madala a Mikisa
Nde likutsekeka phokosolo?

Dzungu92
kunena zoona pang'ono chabe, galimoto ikadutsa imalowabe, ndipo mng'ono wanga amaimba nawo nyimbo zanga zisanatuluke nde akumva zonse

Madala a Mikisa
Ndimadziwa. Apa pali ntchito ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Kukonza mmene mawu akumvekera mkati ndi ina, kutsekereza phokoso kuti lisalowe kapena kutuluka ndi ina. Siponji ndi rockwool ndi za ntchito yoyambayo. Yachiwiriyo imafuna kulemera ndi kutseka mipata yonse. Khoma mukaliwirikiza kulemera kwake kawiri mumapindula ma dB 5 kapena 6 okha, n'chifukwa chake masitudiyo enieni amamanga makoma awiri osakhudzana okhala ndi mpata pakati, pansi poyandama, zitseko zolemera zokhala ndi labala m'mbali. Kampata ka pansi pa chitseko chanu kakulowetsa phokoso lambiri kuposa mmene mukuganizira. Nde pakali pano mwalipira mtengo wa kachipinda kakang'ono, umene ndi mawu oipa, koma phindu lake la bata simunalipeze. Chokuthandizani n'chimodzi, pulayiwudi yopyapyalayo imatulutsako besi ina kunja, akanakhala makoma anayi onse a njerwa bwenzi zili zoipa kuposa apa.

Dzungu92
mukutanthauza kuti ndigwetse?

Madala a Mikisa
Musanagwetse yesani izi usiku uno. Jambulani vesi yomwe ija katatu osasintha china chilichonse: chitseko chotseka, chitseko chotsegula, kenako kunja pakati pa chipinda monga ananenera a Nangozo. Mafayilowo muwapatse mayina oti musadziwe kuti iyi ndi iti, mumvere mawa m'mawa makutu atapuma.

Nangozo
Ndiwonjezerepo pa za kunjazo. Anthu ambiri amakuta kumbuyo kwa maiki n'kusiya kumbuyo kwawo kuli khoma lambee, pomwe maiki ya cardioid kumbuyo kwake ndi kumene siimva kwenikweni, imamva kumene yayang'ana, ndipo yayang'ana inuyo ndi khoma limene lili kumsana kwanu. Mawu anu amapita kutsogolo, kugunda khoma, kubwerera kukagunda la kumbuyo kwanu, kenako kulowa pa maiki modutsa pa mapewa anu. Nde chokhuthala kwambiri chimene muli nacho, kaya matilesi kaya chani, chikhale kumsana kwanu. Zija zozungulira zomangirira kumbuyo kwa maiki, ma reflection filter, zimathandizako pang'ono koma pazokha sizikwanira, ine yanga ili pamwamba pa kabati ikungotola fumbi. Komanso musaime pakati penipeni pa chipinda kapena kufupi ndi khoma, sunthirani pambali pang'ono.

Mphaka Wakuda
Funso langa lingakhale lachibwana koma bwanji osaika ma diffuser aja a timatabwa totalika mosiyanasiyana? M'masitudiyo akuluakulu ndimawaona ndipo amati amachititsa kachipinda kumveka ngati kakakulu

Madala a Mikisa
Si lachibwana. Diffuser simwa mawu, imawamwaza kuti abwerere mbali zosiyanasiyana, ndipo kuti kumwazikako kuchitike pamafunika mtunda, mamita angapo kuchoka pomwe pali khutu kapena maiki. Mu kachipinda koti ukatambasula manja wagunda makoma onse awiri, diffuser ndi thabwa lina lobweza mawu basi. Za mateleyi a Chule ndi chimodzimodzi, anthu anaona kuti akufanana maonekedwe ndi siponji ya m'situdiyo n'kuganiza kuti ntchito yakenso ndi imodzi. Ndi kapepala kopyapyala, besi imangodutsa, phokoso satsekereza, chimene amadziwa bwino ndi kuyaka.

Chule
madala mwandipeza kkkk koma ine ndimangocheza

Madala a Mikisa
Ndikudziwa, koma pa za moto pokha tisachezepo. Mu 2003 ku West Warwick, Rhode Island, kalabu yotchedwa The Station inapsa siponji ya polyurethane ya pamakoma itagwira moto, anthu 100 anafa. Mu 2013 ku Santa Maria ku Brazil, kalabu ya Kiss, siponji ya ku siling'i, anthu oposa 240, ambiri chifukwa cha utsi wake wa poizoni. A Dzungu, dulani kachidutswa ka siponji yanuyo mukakayese panja ndi machesi kutali ndi nyumba, muone ngati kakuzima kokha kapena kakuyaka n'kumadontha. Inu mumadzitsekera mu kabokosi ka chitseko chimodzi muli mawaya a magetsi ndi babu. Rockwool ubwino wake wina ndi umenewo, ndi mwala wosungunula, siyaka, ngakhale nsalu ndi matabwa akewo amayaka.

Dzungu92
Izi nde sindinaziganizeko n'komwe, ndipo babu limene lili mmenemo ndi lija lotentha. Ndisintha ndiike la LED

Kalipentala J
Ndi mpweyanso bwana. Mukamata labala pachitseko kuti phokoso lisalowe dziwani kuti mwatsekanso mpweya. Munthu woimba amapuma kwambiri, pakapita mphindi zingapo mutu umayamba kulemera, mawu kutopa, iwe n'kumati ndakalamba pomwe ndi mpweya woipa wachuluka. Njira yake ndi kabokosi kokhotakhota mkati kokutidwa ndi zomwa mawu, kamodzi kolowetsa pansi kena kotulutsa m'mwamba, fani yake ikhale kunja ndipo ikhale yaikulu yozungulira pang'onopang'ono, tating'ono tothamanga timalira. Apo ayi muzitsegula chitseko mukangomaliza take iliyonse.

Mphaka Wakuda
nanga pali njira yoyezera kuti munthu aone ndi maso kuti vuto lili pati, osati kungodalira makutu?

Madala a Mikisa
Ilipo, pulogalamu ya Room EQ Wizard, ambiri amangoti REW, ndi yaulere. Mumaika sipika pamene pamakhala pakamwa panu, maiki pamalo ake, imaliza mluzu wokwera kuchoka pansi mpaka m'mwamba n'kukujambulirani galafu. Pali maiki zoyezera ngati UMIK-1 koma poyerekeza lero ndi mawa maiki yanu yomweyo ikwana, bola osasuntha kanthu. Musamangoyang'ana phiri ndi chigwa pa galafuyo, yang'anani ija yoonetsa kuti noti iliyonse ikutenga nthawi yaitali bwanji kuti ife, chifukwa EQ imatsitsa phiri koma kawirikawiri siithetsa mchira, n'chifukwa chake a Dzungu anadula mpaka kutopa. Njira ya osauka ndi iyi: lizani 143 Hz yokhayokha pa sipika muli mkatimo, muziyendetsa mutu pang'onopang'ono. Pakona idzakugonthetsani, mukasendera chapakati idzachepa mwina mpaka kusoweka. Masentimita 20 okha amasintha zonse, ndipo n'chifukwa chake ma take anu sagwirizana mukamawalumikiza.

Nkhani ya kuyeza imandikumbutsa Wallace Sabine, amene anayambitsa sayansi yonseyi. Mu 1895 ku Harvard anamupatsa holo yophunzitsiramo ya ku Fogg Museum imene munthu akalankhula anthu samamva kanthu chifukwa cha eko. Mkuluyu ndi omuthandiza ankanyamula makhushoni a mipando kuchoka ku Sanders Theatre usiku, kuwaika mu holomo, kuliza paipi ya limba n'kumawerengera ndi wotchi kuti mawu akutha pa masekondi angati, kukacha n'kubweza makhushoniwo. Kuchokera pamenepo anapeza lamulo lowerengera kutalika kwa eko, ndipo analigwiritsa ntchito pa Symphony Hall ya ku Boston imene inatsegulidwa mu 1900. Lamulo lakelo limagwira m'zipinda zazikulu, mu kabokosi ngati aka musavutike nalo. Koma makhushoni ndi makutu zokha, taonani pomwe zinamufikitsa.

Chule
nde Dzungu akabe makhushoni a pa sofa usiku, sayansi yavomereza

Dzungu92
Ndabweranso abale patapita masiku anayi. Ndinapanga zija za mafayilo atatu, mng'ono wanga ndi amene anasintha mayina kuti ndisadziwe. Yoipitsitsa inali ya chitseko chotseka, zachidziwikire. Koma chodabwitsa n'choti ya chitseko chotsegula ndi ya kunja zinali pafupi, ya kunja inali yoyera pansi koma inali ndi kakulira ka chipinda kumapeto kwa mawu chifukwa ndinalibe mabulangete okwanira, ya chitseko chotsegula inali youma bwino ndipo kufufuma kwa pa D kunachepa kwambiri. Ndinayesanso za 143 Hz zija pa sipika, eee zimene mumanena madala n'zoona, pakona mpaka pulayiwudi imanjenjemera, ndikasuntha mutu pang'ono phokoso lija kuzimiririka ngati matsenga. Siponji ndinaiyesa panja, inayaka ngati pulasitiki ndi utsi wakuda bii, ndaichotsa yonse usiku womwewo.

Nangozo
Mwachita bwino achimwene. Nde mwaganiza zotani?

Dzungu92
Ndachotsa chitseko ndi khoma lake lonse, latsala limodzi la pulayiwudi ndi awiri a njerwa, nde kakhala ngati kakhonde kotseguka mbali imodzi. Ndikufuna ndipange mapanelo asanu ndi limodzi a masentimita 10, awiri pakhoma lililonse, ndi ena awiri ophatikiza ku siling'i. Ndiziima msana uli mkati, nkhope kuyang'ana kotsegukako, maiki kumbuyo kwake kuloza kuchipinda chachikulu. Ndaganiza bwino?

Madala a Mikisa
Mwaganiza bwino zedi, mawu anu azipita kukatayika m'chipinda chachikulu pomwe maiki ikuyang'ana mbali yokutidwa. Kumsana kwanuko ngati zingatheke phatikizani awiri akhale masentimita 20. Kutsogolo kwanu chapatali, ngati kuli khoma lambee kapena galasi la windo, kolekani katani yolemera yopindapinda. Chinanso chimene anthu amaiwala ndi poika mawu a nyimbo. Sitandi ya chitsulo ija kapena tabuleti yaikulu ikakhala kufupi ndi maiki imabweza mawu, ndipo akakumana ndi enieniwo manoti ena amafafanizika. Njira ya obwererawo ikatalika ndi masentimita 60 kuposa ya olunjika, dzenje loyamba limagwera pa 286 Hz, lina pa 857, lina pa 1429, kumangopita choncho ngati mano a chipeso. Yalanipo thaulo ndipo muipendeketse kuti isaloze ku maiki. Laputopu ikhale kutali chifukwa cha fani yake, mahedifoni akhale otseka kumbuyo kuti biti isadonthere pa maiki, ndipo high-pass ya pa 80 Hz, sefa ija yodula mawu apansi, muiyatse, pansi pamenepo mawu anu kulibe, kuli magalimoto ndi mapazi.

Nkhwazi Beats
koma nde phokoso la ana lija labwerera lonse eti

Dzungu92
Labwerera man, sindinama. Koma kale lomwe limalowa. Ndamata labala pachitseko chachikulu cha chipinda ndi chotchinga pansi pake, zathandizako, zotsalazo ndizijambula usiku anthu atagona kapena m'mamawa. A m'nyumba ndakambirana nawo, akuti bola ndisapitirire 11 koloko pa nyimbo zokuwa.

Kalipentala J
Pokhoma mapanelo pa njerwapo gwiritsani ntchito timatabwa tiwiri todula mopendekera tokolana, kamodzi pakhoma kena pa panelo, mpata uja umapezeka wokha ndipo tsiku losamuka mumangonyamula. A ku siling'iwo musadalire misomali ya mu bolodi, pezani pomwe padutsa thabwa lenileni muike mahuku ndi tcheni, panelo ya masentimita 20 ikagwera pamutu si masewera.

Dzungu92
Ndamva bwana. Vuto latsala ndi guluu amene ndinamatira siponji uja, wakakamira pakhoma la njerwa ndi tizidutswa takuda paliponse ngati khoma ladwala nthomba, ndipo nyumbayi si yanga. Achoka bwanji osasupula penti?

Kalipentala J
Mutenthetseni ndi chowumitsira tsitsi afewe, muzipala ndi kapulasitiki kolimba osati chitsulo, otsalawo yesani mankhwala ochotsera guluu pakamalo kobisika kaye muone ngati penti sikusungunuka, mawindo ali otsegula. Koma ngati anali contact glue konzekani kupentanso khoma lonselo.

Dzungu92
anali contact glue

Chule
kkkkkk landilodi akubwera liti ndidzaonere